Tchuthi cha Pasaka: Ulendowu ndi wa Ana Kapena wa Makolo?

Loweruka la Pasaka, dzuwa lisanakwere n'komwe, msewu wa M14 wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima umakhala utadzaza kale. Pali timagalimoto ta Sienta ndi Vitz tolemedwa mpaka kumbuyo kutsala pang'ono kukhudza phula, minibasi yahayala yodzaza ndi achinyamata a kwaya, ndi lole yomwe anthu aimiriramo akuimba. Kubuti kuli mbaula, kathumba ka makala, nkhuku yoduladula yothira kale mchere ndi tsabola, bokosi la ayezi ndi sipika. Kumpando wakumbuyo ana atatu apanikizana ndi azakhali awo, ndipo galimoto isanachoke pa Chezi, pomwe amayi atsika kukagula tomato ndi anyezi, wamng'ono uja wayamba kale nyimbo yake ya tsikulo: "Adadi, tafika?"

Sanafike. Kwatsala zitunda ndi makona a ku Mvera, kutentha kwa pa Kamuzu Road, kenako makilomita ena pafupifupi 20 kuti aone madzi ku Senga Bay. Tsiku lomwelo mabanja a ku Blantyre ndi ku Zomba amakhala akuwoloka Shire pa Liwonde kulunjika ku Mangochi, pomwe a ku Mzuzu, omwe ali ndi mwayi woposa onse, amangotsetsereka makilomita osakwana 50 n'kupezeka ali pamchenga wa Chikale ku Nkhata Bay.

Chaka cha sukulu ku Malawi chimayamba mu September, ndipo teremu yachiwiri imatha chakumapeto kwa March kapena kumayambiriro kwa April, pafupi ndi Pasaka. Tchuthi chake n'chachifupi, cha milungu iwiri kapena kuposerapo pang'ono, koma mkati mwake makolo ogwira ntchito amapumira limodzi ndi ana masiku anayi otsatizana, kuyambira Lachisanu Loyera mpaka Lolemba. Ku America nako sukulu zimatseka sabata imodzi nyengo yomweyi, chisanu chikamatha, ndipo mabanja amakhamukira ku Florida kukaotha dzuwa. Kuno nyengo ikhala ikutembenukira kwina. Mvula ikusiya, minda yacha, dziko lonse labiriwira, mitsinje yadzaza. Palibe mwezi umene dziko limakongola kuposa April, komanso palibe mwezi umene umafuna kuti kholo likhale tcheru kuposa womwewu.

Funso limene mabanja ambiri sadzifunsa ponyamuka ndi lakuti ulendowo ndi wa yani. Kuyenda pagombe lililonse lotchuka Lolemba la Pasaka kumayankha bwino. Abambo akhala mozungulira bokosi la ayezi pansi pa kanyumba kaudzu, sipika ikulira mpaka madzi kunjenjemera. Amayi ali pa mbaula, ena akujambulana zithunzi zoika pa WhatsApp. Ana asiyidwa m'manja mwa mtsikana wamkulu wa zaka 13, kapena mtsikana wantchito amene naye nyanja akuiona koyamba. Pofika 4 koloko onse alongedzanso, ana atopa, maso afiira, mchenga uli m'makutu. Asangalala ndithu, palibe angakane. Koma mwana amene wayenda makilomita oposa 200 kupita ndi kubwera wafika pa nyanja imodzi mwa zodabwitsa kwambiri padziko lapansi n'kubwerako osaona china koma madzi ndi misana ya anthu.

Chimene wasemphana nacho chili pansi pa madziwo. Nyanja ya Malawi, yotalika pafupifupi makilomita 580, ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yapakati pa mtunda. Akatswiri amawerengera mitundu yoposa 700 ya m'banja limodzi lokha la chambo ndi mbuna, ndipo pafupifupi yonseyo sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Kuti mwana aone zimenezi sipafunika zida zodula. Anyamata a m'mudzi wa Chembe ali ndi maboti amene amatenga anthu kupita ku chilumba cha Thumbi, mphindi zochepa kuchoka pagombe. Bwato likaima pafupi ndi miyala, woyendetsa amafinyira kanyenyeswa ka buledi m'madzi, ndipo nthawi yomweyo pamadzi pamasanduka chipwirikiti cha buluu, chikasu ndi mizeremizere yakuda. Ndiye mbuna zimenezo, tinsomba tosaposa chala cha munthu wamkulu kutalika, tomwe azungu amagula modula kukaweta m'magalasi m'nyumba zawo. Mwana akaviika dzanja timamudyola tala mosapweteka, iye n'kukuwa, n'kuviikanso. Pobwerera woyendetsa amaimba likhweru, n'kuponya nsomba pamadzi, ndipo nkhwazi yomwe inali phee pamtengo imatsika, n'kuitola ndi zikhadabo osanyowetsa nthenga. Mbalame imene mwana amangoiona pa chizindikiro cha boma waiona ikugwira ntchito.

Ndipo pali nkhani imene imakhalitsa ana chete kuposa nthano. Chambo chachikazi, chimodzimodzinso mbuna, chimasunga mazira ake m'kamwa mpaka ataswa, osadya kwa milungu ingapo, ndipo tiana tikayamba kusambira timathawiranso m'kamwa momwemo tikaona zoopsa. Mwana amene wamva zimenezi samvutikanso kumvetsa chifukwa chake boma limatseka nyanja kumapeto kwa chaka kuti asodzi asakokere makoka nthawi yoswana, kapenanso chifukwa chake chambo chomwe agogo ake ankadya Loweruka lililonse lero chasanduka ndiwo ya alendo olemekezeka. Pamtunda pang'ono, mkati mwa paki momwemo, pali manda a amishoni a Livingstonia omwe anafika mu 1875, malungo n'kuwatha mphamvu mpaka otsalawo kusamukira kumpoto. Dzina la Cape Maclear linaperekedwa ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Zonsezi zili m'buku la mbiri la mwana yemweyo, koma m'buku mulibe mthunzi wa mlambe ndi anyani okhala pamanda.

Malungo amene anathamangitsa amishoni aja sanasamuke. April ndi nthawi imene udzudzu umakhala wochuluka m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, ndipo mwana wokulira pamalo ozizira ngati Dedza kapena Mzuzu thupi lake silinazolowere. Banja logona konko liyenera kuyang'ana neti lisanayang'ane wailesi yakanema ya m'chipindamo, ndipo ambiri odziwa amangonyamula neti yawo ndi kachingwe. Mwana akatentha thupi patatha sabata kapena ziwiri chibwerereni, asangomwetsedwa Panado, akayezedwe magazi.

Likodzo ndi lobisika kwambiri chifukwa silionekera msanga. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka pomwe pali mabango ndi pomwe anthu ambiri amasamba ndi kuchapa, ndipo timalowa pakhungu munthu osamva kanthu. Cape Maclear yokongolayo ili m'gulu la malo odziwika ndi matendawa. Mankhwala alipo, a praziquantel, omwewo amene ana amalandira m'sukulu za m'maboma a kunyanja, koma sagwira bwino akamwedwa tsiku lotsatira. Azaumoyo amalangiza kudikira milungu 6 mpaka 8 kuti tizilombo tikhwime kaye. Kholo lanzeru limalemba tsikulo pa kalendala. Za madzi akumwa palibe wofunika kukumbutsidwa pambuyo pa kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 ndipo anasautsa kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja.

Koma chimene chimasandutsa Pasaka kukhala maliro ndi madzi enieniwo. Nyanja imafika pachimake chodzaza mu April ndi May, mitsinje itatsanuliramo mvula ya chaka chonse. Mu 2024 inakwera kuposa mmene inachitira pa zaka zambiri, n'kumiza magombe, mipanda ndi zipinda zina za malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Pomwe chaka chatha mwana ankaima madzi akumulekeza m'mawondo, chaka chino pangakhale pozama kuposa bambo ake, ndipo pansi pangakhale chitsa kapena khoma lomira. Magombe ambiri omwe anthu wamba amafikako alibe munthu wolembedwa ntchito yopulumutsa omira. Ana ambiri a m'tauni, ndi makolo awo omwe, sadziwa kusambira. Mwana womira sakuwa, sakupiza manja ngati m'mafilimu, amangozimirira chete anthu ali pomwepo. Choncho ntchito yoyang'anira ana m'madzi ndi ya munthu wamkulu amene sanamwe, ataima m'madzi momwemo, foni ili m'chikwama. Bwato lopanda majekete oyandamitsa okwana aliyense silokwera ndi ana, ngakhale mwini wake atatsitsa mtengo bwanji. Mphepo ya mwera, yomwe imalimba kuyambira May, nthawi zina imayamba kuonetsa zizindikiro msanga, ndipo asodzi a pamalopo akanena kuti lero nyanja yaipa, ndiye kuti yaipa. Iwo omwewo ndi amene amadziwa mathiriro a mitsinje komwe ng'ona ndi mvuu zimakhala.

Nyanja yatenga malo aakulu m'maganizo mwa anthu moti mabanja a ku Blantyre amadutsa pa Liwonde liwiro, kuima pokhapokha pogula chambo kapena tchipisi cha pachiwaya, osadziwa kuti asiya njovu makilomita ochepa kumbali. Liwonde National Park lero si ija ya zaka 15 zapitazo, yomwe inali itadzaza misampha ya waya. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Linamanga mpanda wamagetsi, n'kuchotsa misampha masauzande ambiri. Mu 2017 linabweretsa akakwiyo, nyama yothamanga kuposa zonse zapamtunda, yomwe inali itatha m'dziko muno. Mikango inatsatira mu 2018, zipembere zakuda 17 zinabwera pandege kuchokera ku South Africa mu 2019, ndipo mimbulu inafika mu 2021. Njovu zinachulukana mpaka kuposa malo: mu 2016 ndi 2017 zoposa 500 zinasamutsidwa pamalole kuchoka ku Liwonde ndi Majete, zambiri kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu.

Apa pafunika kunena chilungamo. April si mwezi wabwino woona mikango. Udzu watalika, madzi ali paliponse kotero nyama zabalalika, ndipo misewu ina ya m'paki imakhala matope osadutsika ndi Vitz. Chimene chimapulumutsa ulendo wa Pasaka ndi boti la pa Shire. Kwa ola limodzi kapena awiri mwana amakhala pansi, osatopa ndi kuyenda, akuona mvuu zikutulutsa makutu ndi mphuno n'kumiranso, ng'ona zitayasamula pamchenga, njiri zikudya zitagwada, ndipo mwayi ukakhalapo njovu zikuwoloka mtsinje chitamba chokha chikuoneka. Kumbuyo kwake kuli migwalangwa ndi milambe. Woyendetsa boti akazimitsa injini, chimene chimamveka ndi kufwenthera kwa mvuu ndi kulira kwa nkhwazi, ndipo ngakhale mwana amene tsiku lonse amalimbana ndi foni ya amayi ake amaiiwala.

Pamlatho wa Liwonde pomwepo pali phunziro lina laulere. Zitseko zachitsulo za Kamuzu Barrage, yomwe inamangidwa mu 1965, ndi zimene zimawongolera kuchuluka kwa madzi otsika mu Shire kupita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe kumachokera magetsi ambiri a dziko lino. Mwana wodandaula kuti magetsi azima akuonera katuni angaonetsedwe pomwe nkhaniyo imayambira.

A ku Blantyre ali ndi Majete pafupi, makilomita pafupifupi 70 kutsika chitunda cha ku Chikwawa. African Parks inayambira kumeneko mu 2003, nkhalangoyo itatsala pang'ono kukhala yopanda nyama, ndipo lero kuli njovu, njati, zipembere, mikango ndi akambuku, kuphatikizapo akadyansonga omwe anafika mu 2018. Ndi ulendo wopita m'mawa n'kubwera madzulo, bola kunyamula madzi ambiri, pakuti kutentha kwa kuchigwa sikuseka ndi mwana. A ku Lilongwe omwe atsikira ku Salima angapatukire ku Kuti, komwe kuli mbidzi ndi mphalapala koma kulibe zilombo zolusa, moti ana amatha kuyenda pansi kapena kupalasa njinga.

Anthu ambiri amaganizabe kuti malo amenewa ndi a azungu. Maganizowa sanachokere kumwamba, chifukwa mitengo ya malo ogona apamwamba m'mapakimo imalembedwa m'madola ndipo ndi yosayandikirika kwa mphunzitsi kapena namwino. Koma kulowa pachipata ndi nkhani ina. Mmalawi amalipira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja, ana amalipira yocheperapo, ndipo palibe lamulo loti wolowa agone momwemo. Nthawi zambiri ndalama yolowetsa banja lonse siifika pa imene imathera pa zakumwa za abambo tsiku limodzi la kunyanja.

Chimene chimadula ndi kufikako. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta, matayala ndi chakudya zonse zinakwera, ndipo mizere ya pamalo omwetsera mafuta yazolowereka moti bambo wokonzekera ulendo wa Pasaka amayamba kusaka petulo Lachiwiri. Pamsewu wa M1 pawonjezeka ndalama ya pa toll gate ya Chingeni ndi ya Kalinyeke. Mabanja aphunzira kuzungulira mavutowa m'njira zawo. Mabanja awiri amasonkherana mafuta a galimoto imodzi. Amayi a banki m'khonde amapatula kandalama ka ulendo kuyambira January. Mipingo imachita hayala basi ya ana a Sande sukulu, ndipo magulu a zachilengedwe a m'sukulu, omwe bungwe la WESM lakhala likuwalimbikitsa kwa zaka zambiri, atengera ku mapaki ana ochuluka amene makolo awo sakanakwanitsa. Chakudya chophika kunyumba, mpunga, nkhuku, mazira owiritsa, mbatata ndi botolo la thobwa, chimadula theka la ndalama za tsikulo, ndipo ana sadandaula.

Njira ina yochepetsera mtengo ndi kusapita kutali. Izi zimamveka ngati kugonja, koma ana aang'ono sayeza ulendo ndi makilomita. Wa zaka zisanu amene wakhala maola anayi m'galimoto yotentha amafika atakwiya kale.

Ku Lilongwe, pakati penipeni pa mzinda, m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi, pali nkhalango ya Lilongwe Wildlife Centre, komwe amasamalira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa ozembetsa, ndipo kuli tinjira toyenda pansi pa mitengo yachilengedwe, apusi akudumpha pamwamba. Munthu amafikako pa minibasi. Makilomita pafupifupi 85 kummwera kuli Dedza, ndipo ambiri amangodziwa malo oumba mbiya ndi makapu komwe ana amaonerera dongo likusanduka mbale pagudumu. Ochepa amafika ku mapanga a Chongoni, malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala omwe UNESCO inawavomereza mu 2006. Zofiira, za mizere ndi timadontho, zinajambulidwa ndi Akafula, alenje omwe ankakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule. Ku Mphunzi kuli anthu a pamudzi operekeza alendo, ndipo mwana akafunsa tanthauzo la chinyama choyera chotambalala pathanthwe, woperekezayo amayankha mpaka pomwe mwambo ukumulola, n'kumwetulira. Ku Chentcherere, komwe kuli pafupi ndi msewu, alendo ena alembapo maina awo ndi makala pamwamba pa zojambula zazaka mazanamazana. Nalonso ndi phunziro loti mwana alione ndi maso.

Wotsika ku Dedza kudzera msewu wa Khwekhwerere amafika ku Golomoti, kufupi ndi Mua, mishoni yomwe ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902. Kumeneko Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba ya Chamare imafotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka imfa. M'chipinda chimodzi muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana. Makolo ena, malinga ndi mpingo wawo, safuna kulowetsamo ana, ndipo ana ena ang'onoang'ono amakakamira chitenje cha amayi awo pakhomo pomwepo. Ndi bwino kukambirana zimenezi galimoto isanaime. Za msewu wa Khwekhwererewo, makona ake ndi okongola kwa woyendetsa yekha. Wakumbuyo amafunika jumbo pafupi ndi zenera lotsegula, ndipo asadyetsedwe mandasi amafuta pa Masasa.

Ku Blantyre malo onyozeka kwambiri ndi nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri, yomwe anthu amaidutsa tsiku lililonse popita kumsika waukulu wapafupi. Panja pake pali mutu wa sitima yoyendera nthunzi, galimoto yakale yozimitsira moto ndi basi ya m'nthawi ya atsamunda. Mkati muli mwala wolemera makilogalamu oposa 90 umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981. Nyumbayo ikuoneka kuti ikusowa ndalama, zolemba zina zafufuma, koma mwana wa Sitandade 4 saona zimenezo, amaona sitima. Kumpoto, nyumba yonga iyi ya ku Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004, ili ndi chigoba cha Malawisaurus, chinyama chautali khosi chomwe chinkayenda m'dera lomwelo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo.

Phiri la Zomba ndi la banja lokonda kuyenda pansi. Msewu wokwera kuchoka m'tauni, yomwe inali likulu la dziko mpaka 1975, umadutsa anyamata ogulitsa zipatso za m'phiri m'timbale, malinga ndi nyengo, ndi abambo otsika ndi njinga zosenza nkhuni zotalika kuposa iwo. Pamwamba pali damu la Mulunguzi lomwe limamwetsa mzinda wonse, mathithi a Williams omwe mu April amakhala atakwiya bwino, ndi malo oonera patali otchedwa Emperor's View pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anaimapo. Kukayera, munthu amaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Kukachita nkhungu saona ngakhale galimoto yake, ndipo kumazizira moti juzi ndi yofunika ngakhale kumunsi kukutentha. Wobwerako patapita zaka amadzidzimuka ndi mmene mitengo yathera m'mbali zina.

Ku Mulanje, nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, si ya ana. Wa ana ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchoka pa Likhubula kukafika pa Dziwe la Nkhalamba, komwe madzi amagwa kuchoka pathanthwe kulowa m'dziwe lozizira ngati ayezi. Operekeza a pamalopo amafotokoza za mizimu ya m'phiri ndi za nkhalamba imene inkaonekera padziwepo, ndipo chikhulupiriro chimenechi ndi china mwa zimene zinachititsa UNESCO kuvomereza phirili mu 2025. Dziwelo ndi lozama, miyala yake ndi yoterera, ndipo latengapo miyoyo. Mvula ikagwa pamwamba, madzi amatha kusefukira pansi kuli dzuwa. Anthu a kumeneko, omwe anaona zimene namondwe Freddy anachita mu March 2023, safunika kuuzidwa za mphamvu ya madzi a m'phirili, ndipo mlendo amachita bwino kuwamvera.

Pali ulendo wina umene sulembedwa m'mabuku a zokopa alendo, koma ndi umene ana ambiri a m'tauni akhala akuyenda kuyambira kale: wopita kumudzi kwa agogo. Tchuthi cha Pasaka chimagwa nthawi yabwino koposa, ya masika. Dowe akadalipo m'munda wochedwa, maungu ali mbwee, nzimbe zatsekemera, mtedza ukukumbidwa, ndipo nkhuku imene agogo akhala akuisunga kuyambira Khirisimasi yafika tsiku lake. Mwana wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa amene amayankha Chingerezi akafunsidwa m'Chichewa amabwerako akudziwa kugwada popereka madzi, kusiyanitsa amalume ndi abambo aang'ono, ndi kukazinga chimanga paphale osapsereza. Makolo ena masiku ano amaopa, amati madzi a pachitsime, amati udzudzu, amati mwana sazolowera chimbudzi chokumba. Zifukwazo zili ndi mutu, koma zonse zili ndi mankhwala ake, ndipo agogo sakhala mpaka kalekale. Amalawi okhala ku Britain, komwe sukulu zimatsekanso milungu iwiri pa Pasaka, amalipira matikiti odula kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi kuti ana awo apeze chinthu chomwechi, chomwe wa ku Lilongwe amachipeza ndi mtengo wa basi.

Ulendo uliwonse mwa amenewa umadutsa pamsewu, ndipo Pasaka ndi nyengo imene apolisi apamsewu amachulukitsa zipata chifukwa ngozi zimachuluka. Mwana wokhala pamiyendo ya amayi kumpando wakutsogolo, kapena woimirira pakati pa mipando kuti aone bwino, ndi amene amayamba kuvulala galimoto ikaima mwadzidzidzi. Misewu ikatha mvula imakhala ndi maenje atsopano, m'mbali muli njinga za kabaza, mbuzi ndi anthu oyenda pansi, ndipo kukada zonsezi sizioneka. Banja lonyamuka kunyanja 3 koloko limataya ola limodzi la kusambira koma limafika kunyumba kukuwala. Amene anakhala pafupi ndi bokosi la ayezi tsiku lonse apereke makiyi kwa amayi, ngati amayiwo amayendetsa, ndipo masiku ano ambiri amayendetsa. Kuima pa Lizulu kugula mbatata ya kachewere ndi kabichi, kapena kulola ana kuona anyamata ogulitsa mbewa zapandodo m'mbali mwa M1, kumawongola miyendo ndipo nthawi zina ndi kumene mwana amakafotokoza kusukulu kuposa nyanja yeniyeniyo.

M'mabanja ambiri pamakhala mmodzi wotsala. Wa Sitandade 8 mayeso ake ali pafupi, a Fomu 2 ndi Fomu 4 nawo akuwerengera masabata, ndipo sukulu zambiri zimawaitana kuti azibwera ngakhale pa tchuthi. Amaima pageti ndi makope m'manja akuona abale ake akukwera galimoto. Mwayi wake umabwera pa tchuthi chachitali cha August, ndipo pa nkhani ya nyama iyeyo ndi amene amapindula: udzu umakhala utauma, misewu ya ku Liwonde ndi Majete imadutsika ndi galimoto yaing'ono, udzudzu wachepa, ndipo njovu, njati ndi mikango yozitsatira zimasonkhana kumtsinje chifukwa madzi kwina aphwa. Kunyanja nthawi imeneyo kumakhala mwera ndi kuzizira, moti gombe limadikira mpaka pa 15 October, Tsiku la Anakubala, pomwe msewu wa ku Salima umadzazanso.